Malipiro oyamba afika, muyambe kubweza ngongole iti?

Kalata yokulembani ntchito ikanena kuti muzilandira $450 pamwezi, musayambe kugawa $450 m'mutu, chifukwa ndalamayo simudzaiona yonse. Potengera misonkho ya kuno ku Zimbabwe ya 2025, a NSSA, bungwe la boma loona za penshoni, amayamba adula 4.5 peresenti ya penshoni, yomwe apa ndi $20.25. Pa zotsalazo a ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, sakhudza $100 yoyamba, amatenga 20 peresenti kuchokera pamenepo kufika $300, kenako 25 peresenti pa zopitirira apo, ndipo msonkho wonse ukukwana $72.44. Pamwamba pake pamabwera AIDS levy, yomwe ndi 3 peresenti ya msonkho womwewo, $2.17. Zolowa m'thumba ndi $355 ndi timasenti. Pafupifupi $95 yapita musanakwere n'komwe kombi yobwerera kunyumba, ndipo bajeti iliyonse yoona imayambira pa $355 imeneyi.

Pa ntchito yanga yowerengera ndalama ndimakumana ndi achinyamata amene angomaliza kumene maphunziro ku University of Zimbabwe (UZ), ku Harare Institute of Technology (HIT) kapena ku Harare Polytechnic, ndipo ambiri amayamba ntchito ali kale m'ngongole. Sikuti ndi osasamala ayi. Pali fizi ya semesita yomaliza. Pali chaka cha attachment, chophunzira ntchito pa kampani, chimene ena amagwira ntchito osalandira kanthu koma akukwera kombi tsiku ndi tsiku. Pali gauni ndi phwando, miyezi yosakasaka ntchito, kenako mwezi woyamba umene munthu amagwira asanaone malipiro. M'mabanja athu a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku mu Harare, amene agogo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi ku khonsolo, digiri imeneyi nthawi zambiri imakhala yoyamba pamtundu ponse, ndipo anthu amene anasonkherapo ndi ambiri. Onsewo amamva tsiku lomwelo kuti mwana wayamba ntchito.

Musanalipire aliyense, tengani kope mulembe ngongole zonse, ngakhale zimene mukuchita nazo manyazi. Pa ngongole iliyonse mulembe mwini wake, ndalama imene yatsala, chiwongoladzanja cha pamwezi, ndi mtundu wa ndalama imene munagwirizana, kaya ndi dola ya ku America kaya ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe. Tiyerekeze mtsikana wa ku Mufakose amene akulandira $355 ija. M'kope mwake muli mizere itatu. Azakhali ake anamulipirira $400 ya fizi, yopanda chiwongoladzanja. Foni anatenga pangongole m'shopu, amalipira $25 pamwezi ndipo kwatsala miyezi 8. Ndiye pali $100 imene anakongola kwa munthu wa katapila, amene kuno timangoti wa chimbadzo, kuti apeze ya thiransipoti ndi nsapato za ku ofesi mwezi woyamba uja, pa 30 peresenti pamwezi.

Mtima umathamangira kwa azakhali, poti ngongole yawo ndi yaikulu komanso ndi anthu owachitira ulemu. Koma taonani mtengo wa ngongole iliyonse. Ya azakhali ikakhala miyezi itatu idzakhalabe $400. Ya foni ili ndi malire ake odziwika. Ya katapila ikakhala osalipidwa, wokongozayo n'kumaphatikiza chiwongoladzanja pa ngongole, mwezi woyamba ifika $130, wachiwiri $169, wachitatu pafupifupi $220. Ndipo pali msampha wina umene umaoneka ngati chifundo: wa katapila amakuuzani kuti mungobweretsa $30 ya mwezi uno, zinazo mudzaona. Mukatero miyezi inayi, mwapereka $120 koma $100 ija ikadali yonse. Iye sakufuna kuti mumalize. Choncho ngongole yoyamba kuithetsa ndi imene ikukudyerani ndalama zambiri pamwezi, ngakhale ikhale yaing'ono kuposa zonse, ngakhale mwini wa ngongole inayo akuimba foni kawirikawiri. Zinazo muzingolipira zimene munagwirizana pamwezi, ndalama yonse yotsala ipite pa yodulayo mpaka ithe.

Funso n'lakuti ndalama yotsalayo ichokera kuti, ndipo apa ndi pamene ndimakangana ndi achinyamata. Mtsikana uja akathamangira kukachita lendi chipinda chake mwezi woyamba, tinene kuti lendi ndi $90, magetsi ndi gasi $20, chakudya $80, kombi $2 patsiku kwa masiku 22 ndi $44, data $15, sopo ndi zovala $20, ndi $30 yopatsa amayi. Pa $355 patsala $56. Akalipira foni ndi chiwongoladzanja cha katapila, m'manja mutsala dola imodzi, ndipo $100 ija sanaikhudze. Mwezi wamawa chimodzimodzi. Tsiku limene adzadwale dzino adzabwerera kwa wa katapila yemweyo kukawonjezera.

Tsono akakhala kaye kwa makolo n'kumasonkha $60 ya panyumba, kombi $44 yomweyo, nkhomaliro ndi tina ndi tina $40, data $15, sopo ndi zovala $20, patsala $176. Foni itenga $25, katapila atenga $130 yonse n'kutha mwezi woyamba womwewo, ndipo $21 itsala yoyembekezera zadzidzidzi. Kuyambira mwezi wachiwiri, $130 ija yamasuka: $80 ipite kwa azakhali, $50 asunge. Pakutha miyezi 6 azakhali alandira zawo zonse, iye ali ndi ndalama yoposa $250 pambali, yokwana dipoziti ya chipinda ndi bedi. Ine sindiona chochititsa manyazi kuti munthu wa digiri agone chaka chimodzi m'chipinda chimene anakuliramo. Ndikudziwa kuti si onse ali ndi makolo mu Harare. Ena kwawo ndi ku Shamva, ku Chegutu kapena kumafamu a ku Mazowe, ndipo lendi sangaithawe. Amenewo agawane chipinda ndi mnzawo, kapena akhale kwa achibale n'kumasonkha moonekera, kufikira ngongole yodulayo itatha.

Za azakhali tisazisiye m'malere. Ngongole ya pachibale ilibe chiwongoladzanja, koma imawononga ubale ikakhala yosakambidwa. Chimene chimawawa munthu wamkulu si kuchedwa kwa ndalama kwenikweni, koma kuona mwana amene anamuthandiza akudutsa ndi foni yatsopano osanena kanthu. Pitani nokha, musatumize uthenga pa WhatsApp. Mukhale pansi, mulonjerane, kenako munene mosapita m'mbali: "Azakhali, $400 ija sindinaiwale. Mwezi uno ndikufuna nditseke kaye katapila amene akundidya. Kuyambira mwezi wamawa, pa 28 mwezi uliwonse ndizikupatsani $80, mpaka miyezi isanu." Akulu ambiri akamva tsiku ndi nambala mtima umakhala pansi, ena mpaka amati, "Mwana wanga, bola wanena." Mukalonjeza $80 perekani $80. Kuli bwino kulonjeza $50 imene mungakwanitse kusiyana ndi $100 imene mudzayamba kuzemba nayo mwezi wachitatu. Ndipo muzilemba m'kope lija tsiku lililonse limene mwapereka, iwo akuona, kuti mawa pasadzakhale kusiyana mawu pakati pa anthu okondana.

Zopempha za kunyumba nazo ziikireni malire ake mubajeti, monga mmene mwachitira ndi kombi. Mng'ono wanu afuna yunifolomu, amalume ku Dedza kapena ku Mangochi amva kuti mwayamba ntchito ndipo akudikira uthenga wa Mukuru. Kuthandiza n'koyenera, ndi mmene tinaleredwera. Koma nenani nambala imodzi ya pamwezi, muuze amayi kuti ndi imeneyo, ndipo ikatha yatha. Musakongole kuti muthandize wina. Chimene ndimalimbikitsa kuti chisadumphidwe ndi chopereka cha bungwe la maliro kapena funeral policy, chifukwa maliro ndi amene amagwetsera mabanja athu ambiri m'manja mwa katapila usiku umodzi wokha.

Ena amaganiza zotenga ngongole imodzi ku kampani yobwereketsa ndalama kuti atsekere zing'onozing'ono zonse. Nthawi zina zimathandiza, koma pokhapokha chiwongoladzanja chatsopanocho chikhale chotsikadi, ndipo apa pamafunika kufunsa bwino. Makampani awiri akhoza kunena onse kuti 10 peresenti pamwezi, koma mitengo yawo n'kukhala yosiyana. Tinene kuti mwakongola $300 ya miyezi 6. Woyamba amawerengera 10 peresentiyo pa $300 yonse mwezi uliwonse, ngakhale mwabweza kale theka, ndiye mumalipira $80 pamwezi, zonse pamodzi $480. Wachiwiri amawerengera pa ndalama imene yatsala, ndiye mumalipira pafupifupi $69 pamwezi, zonse pamodzi $413. Kusiyana kwake ndi $67, ndalama ya kombi ya mwezi ndi theka. Pamwamba apo pamakhala ndalama yotsegulira ngongole ndi ya inshuwalansi, zimene ena amadula musanalandire, moti mumasainira $300 koma m'manja n'kulandira yochepera. Funso lothetsa zonse ndi limodzi: "Ndilandira zingati lero, ndipo pomaliza ndidzakhala nditabweza zingati?" Akuyankheni polemba. Aphunzitsi, anamwino ndi ena olembedwa ndi boma asamale kwambiri, chifukwa ngongole zawo zimadulidwiratu ku SSB, ofesi yokonza malipiro a ogwira ntchito m'boma, malipiro asanafike ku banki. N'chifukwa chake mashopu ndi makampani amawakongoza mosavuta, ndipo munthu amadzazindikira payslip itadzaza mizere yodula.

Mtundu wa ndalama ndi nkhani imene makolo athu anaiphunzira mowawa mu 2008 ndi mu 2019, pamene ndalama ya Zimbabwe inagwa mtengo, ndipo sinathe. ZiG inayamba mu Epulo 2024. Pa 27 Sepitembala chaka chomwecho, Reserve Bank of Zimbabwe inasuntha mtengo wake kuchoka pa ZiG pafupifupi 14 kufika pafupifupi 24 pa dola imodzi. Munthu amene ankalandira ZiG koma ali ndi ngongole ya $100 anagona akufunika ZiG 1,400, n'kudzuka akufunika 2,400. Ngati malipiro anu amabwera mbali ina m'madola mbali ina mu ZiG, madolawo muziwasungira lendi ndi ngongole za madola, ZiG muzigulira magetsi ndi zinthu za m'mashopu amene amailandira, ndipo musaigoneke nthawi yaitali. Pangano lililonse la ngongole, ngakhale la pachibale, linene poyera kuti idzabwezedwa m'ndalama iti. Muwerengerenso zodula potumiza: boma limatenga msonkho wa IMTT pa ndalama zoyenda pa foni ndi pa khadi, umene mu Okutobala 2018 unaikidwa pa masenti awiri pa dola, ndipo EcoCash, InnBucks ndi mabanki amadulanso zawo. Mukafuna kuti azakhali alandire $80 yathunthu, bajeti yanu ikhale ndi malo a zodulazo.

Malamulo nawo ali ndi mbali imene imakutetezani. Kampani yobwereketsa ndalama iyenera kukhala ndi laisensi ya Reserve Bank pansi pa Microfinance Act, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuiona musanasaine. Amene akufuna kuti mumusiyire chitupa chanu, kapena khadi la ku banki ndi PIN yake, muchokepo. Palinso lamulo limene makhoti a Zimbabwe amatsatira, lotchedwa in duplum: chiwongoladzanja chimene sichinalipidwe chikafanana ndi ngongole yotsala, chimasiya kukwera. Pa ngongole ya $100, chiwongoladzanja chosalipidwa sichingapitirire $100 ina. Koma dziwani kuti lamuloli limawerenga chosalipidwa chokha, choncho silipulumutsa uja amene amapereka $30 mwezi ndi mwezi.

Mukaona kuti mwezi uno simukwanitsa, pitani kwa wokongozayo tsiku lolipira lisanafike, mupemphe kuti akutalikitsireni nthawi, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Kuzimitsa foni sikuthetsa kanthu, mlandu suwola. Kuyambira 2017 Reserve Bank ili ndi kaundula wa ngongole, Credit Registry, kumene mabanki ndi makampani obwereketsa amatumiza mbiri ya okongola, ndipo mbiri imeneyo idzakutsatirani tsiku limene mudzafune ngongole ya sitandi (malo omangapo nyumba) kapena ya bizinesi. Samani ya ku khoti la majisitireti ikafika, muyankhe m'masiku amene alembedwapo. Mukangokhala, khoti limagamula inu kulibe, kenako Messenger of Court, mthenga wa khoti, amabwera kudzalemba katundu wa panyumba pamene mukukhala, ndipo ngati ndi kwa makolo, iwo ndi amene amavutika kusonyeza kuti firiji ndi TV ndi zawo. Chimodzimodzi mukasainira mnzanu ngongole ngati womuimira: iye akalephera, ngongoleyo ndi yanu yonse.

Ngongole ya kampani kapena ya shopu ikatha, musangochoka ndi lisiti lomaliza. Pemphani kalata yonena kuti mwamaliza ndipo palibe chotsala, muijambule pa foni, pepala lenilenilo mulisunge. Ngati munkalipira kudzera pa stop order, pomwe ndalama imadulidwiratu pa malipiro, kapena ku SSB, yang'anani payslip ya miyezi iwiri yotsatira kuti muone ngati asiyadi kudula, ndipo akadula mowonjezera, kalata ija ndi imene mudzapite nayo kukaitanitsa ndalama zanu.