Jakifuruti: Kadyedwe, Kakonzedwe, Kadzalidwe Kake ndi Amene Ayenera Kusamala

Jakifuruti ndi chipatso chachikulu kuposa zipatso zonse zobereka pamtengo. Chimodzi chimalemera makilogalamu 10 mpaka 25, ndipo china chimapitirira 40. Kwawo kwenikweni ndi kumwera kwa India, ku mapiri a Western Ghats, ndipo ku Bangladesh ndicho chipatso cha fuko. Anzathu a ku Tanzania amachitcha fenesi, a ku Mozambique jaka. Kwathu kuno mtengowu umakonda malo ofunda a mvula yambiri, onga a m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay ndi Karonga, kapena m'munsi mwa phiri la Mulanje.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kumene mtengowu ulipo, ambiri amangodikira chipatso chipse, ana adye mnofu wotsekemerawo, zotsala zonse n'kukazitaya kudzala. Komatu chipatso chimodzi chili ndi zakudya zitatu: chosapsa ndi ndiwo, chakupsa ndi chipatso, njere zake ndi chakudya chokhutitsa. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi kasamalidwe kake, ndipo pali anthu ena amene sayenera kungodya osafunsa kuchipatala.

Muli chiyani m'chipatsochi

Mu magalamu 100 a mnofu wakupsa muli shuga wokwana magalamu pafupifupi 19, vitamini C, vitamini B6, ndi mchere wa potaziyamu wokwana mamiligalamu pafupifupi 450, kuposa umene uli mu nthochi yolemera chimodzimodzi. Mulinso ulusi wothandiza kuti munthu asadzimbidwe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya zipatso ndi masamba zosachepera magalamu 400 patsiku, ndipo pakhomo pamene pali mtengo umodzi wa jakifuruti, muyezo umenewu suvuta m'nyengo yake.

Pali nkhani ina imene yafala pa intaneti yoti jakifuruti wosapsa ndi nyama ya kumtengo. Zoona zake n'zakuti akaphikidwa amanyenyeka ngati minofu ya nkhuku, ndipo ku Ulaya ndi ku America anthu osadya nyama amamugula wa m'zitini pa chifukwa chimenechi. Koma kufanana kwake kumathera pakamwa. Zomanga thupi mu magalamu 100 a jakifuruti sizifika magalamu 2, pamene nyemba zophika zolemera chimodzimodzi zili ndi magalamu 8 kapena 9. Pa magulu 6 a zakudya amene timaphunzitsidwa kusikelo ya ana, jakifuruti salowa m'gulu la zanyama kapena la zanyemba. Izi tisazitenge mopepuka. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Mwana wodya nsima ndi jakifuruti yekha amakhuta, mimba n'kuoneka yodzaza, koma thupi silikumangidwa. Muphikireni pamodzi ndi nsinjiro, nyemba, nandolo, usipa kapena dzira.

Kudula ndi kusunga chakupsa

Chipatso chokhwima mumachidziwa pochigogoda: chimalira mogudugudza, osati molimba. Timinga ta pakhungu timaphwa ndi kutalikirana, mtundu umachoka pobiriwira kupita kwachikasu, ndipo fungo limayamba kumveka patali. Mukathyola chokhwima chimapsa chokha m'nyumba patapita masiku ochepa.

Vuto lalikulu podula ndi utomoni woyera womata, umene suchoka ndi madzi okha. Sambani m'manja ndi sopo, tsukani kunja kwa chipatso ndi madzi aukhondo, kenaka dzolani mafuta ophikira m'manja ndi pampeni. Yalani masamba a nthochi oyera pansi. Ng'ambani chipatso pakati m'litali mwake, chotsani chamkati cholimba chija, ndipo zulani tizigawo tachikasu kamodzikamodzi, njere muike padera. Utomoni ukamata pakhungu, pakani mafuta kaye kenaka sopo. Musagwire m'maso muli pantchitoyi; ukalowa m'diso tsukani ndi madzi ambiri aukhondo, ndipo diso likapitiriza kupweteka pitani kuchipatala. Manja amafuta ndi mpeni wakuthwa si ntchito ya mwana.

Chipatso chikadulidwa ndi pamene matenda amalowera. Chipatso cha makilogalamu 15 banja limodzi silingamalize pa kudya kumodzi, choncho chimakhala chotsekula tsiku lonse. Fungo lake ndi shuga wake zimaitana ntchentche, ndipo ntchentche yotera pa chipatso siinena kumene yachokera. Kutsegula m'mimba, taifodi ndi kolera zimayenda njira imeneyi, kudzanso m'manja osasamba ndi m'madzi otsukira mpeni. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mabanja ambiri akadali ndi bala lake. Choncho chipatso chodula chivundikireni nthawi yomweyo. Ngati mulibe firiji, chidyedwe tsiku lomwelo. Gawanani ndi anansi kusiyana n'kuti chigone. Mu firiji, m'chiwiya chotseka bwino, chimatha masiku ochepa. Chikayamba kuterera, kuwawasa kapena kununkha ngati mowa, tayani.

Pogula pamsika kapena m'mbali mwa msewu, yang'anani wogulitsa musanayang'ane chipatso. Kodi zidutswa zavundikiridwa? Kodi dzanja lolandira ndalama ndi lomwelo likugwira mnofu? Kodi pali madzi ndi sopo pafupi? Kukakhala kolera m'dera lanu, zodula kale zilekeni, mugule chathunthu mukadule nokha kunyumba. Inunso ogulitsa, dulani pang'onopang'ono malinga ndi ogula, ndipo madzi otsukira mpeni akhale othira mankhwala a kulorini kapena owiritsa. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, ayambe kumwa Thanzi ORS pomwepo ali panjira yopita kuchipatala.

Zipatso zikachuluka, dulani mnofu wakupsa mopyapyala muyanike pathandala loyera, mutaphimba ndi nsalu yopyapyala yoletsa ntchentche ndi fumbi. Zikauma bwinobwino sungani m'botolo louma lotseka. Zachita nkhungu musadye.

Ndiwo za jakifuruti wosapsa

Ku India ndi ku Sri Lanka chipatso chanthete ndi ndiwo za masiku onse. Sankhani chobiriwira, cholimba, chimene njere zake sizinakhwime. Utomoni umachuluka kwambiri m'chosapsa, ndiye mafuta aja musawaiwale. Sendani khungu, dulani nthulinthuli, muziponya m'madzi a mchere kapena a mandimu kuti zisade. Wiritsani kwa mphindi 20 mpaka 30 kufikira zitafewa, khetsani madziwo, kenaka kazingani ndi anyezi ndi tomato kapena tenderani ndi nsinjiro. Pachokha chilibe kukoma kwenikweni, chimatenga kukoma kwa zimene mwathiramo. Chosapsa sichidyedwa chachiwisi.

Njere musataye, koma musadye zaziwisi

M'chipatso chimodzi mumapezeka njere 100 kufikira 500. Zili ndi sitalichi wambiri (chakudya chopatsa mphamvu) ndiponso zomanga thupi zochulukirapo kuposa mnofu, choncho kuzitaya n'kutaya chakudya chenicheni. Koma zaziwisi zili ndi zinthu zina zolepheretsa thupi kugaya bwino zomanga thupi, ndipo zimapweteketsa m'mimba. Moto ndi umene umathetsa vutoli. Tsukani njerezo, wiritsani m'madzi a mchere kwa mphindi 20 mpaka 30 mpaka zizibooka mosavuta, chotsani kakhungu koyera kolimba ka kunja, idyani. Mukhozanso kuziwotcha pamakala, mutaziboola kaye kuti zisaphulike, kapena kuziika mu nyemba. Ena amaziwiritsa, kuzidula, kuziyanika ndi kuzisinja, ufa wake n'kumasakaniza ndi wa mgaiwa pophika phala. Yambani ndi zochepa, chifukwa ena zimawadzaza mpweya m'mimba.

Kwa ana aang'ono njere ndi yoopsa mwa njira ina: ndi yoterera, ndipo kukula kwake n'kokwanira kutseka kholingo. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Kuyambira miyezi 6 mukhoza kumpatsa mnofu wakupsa bwino, wochotsa njere, wophwanyaphwanya, chifukwa ulusi wake wautali umatsamwitsanso. Mwana wosakwana zaka 5 musampatse chigawo chili ndi njere m'kati, ndipo adye atakhala pansi, wamkulu ali pomwepo. Akatsamwa n'kulephera kulira kapena kupuma, muweramitseni mutu utsike, mummenye ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu, uku wina akuitana thandizo.

Amene ayenera kusamala kwambiri

Odwala impso ndiwo oyamba. Impso zofooka zimalephera kutulutsa potaziyamu, ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima, nthawi zina popanda chizindikiro chochenjeza mpaka zinthu zitafika poipa. Ngati munauzidwa kuti impso zanu sizikugwira bwino ntchito, kapena mumapita kumakina osefa magazi, musadye jakifuruti musanafunse dokotala wanu. Amene akumwa mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi ndi a mtima, monga enalapril, losartan kapena spironolactone, afunsenso, pakuti mankhwalawa amasunga potaziyamu m'thupi.

Odwala shuga amve bwino apa, chifukwa mphekesera zachuluka. Mu 2021 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku India pa anthu 40 odwala shuga. Ena mwa iwo ankadya magalamu 30 a ufa wa jakifuruti wosapsa tsiku lililonse kwa milungu 12, m'malo mwa gawo la ufa wa mpunga kapena wa tirigu, ndipo shuga wawo anatsika pang'ono. Onani bwino: unali ufa wa chipatso chosapsa, anthu anali ochepa, kutsikako kunali kochepa, ndipo onse ankapitiriza kumwa mankhwala awo. Chipatso chakupsa ndi nkhani ina, chimakweza shuga. Wodwala shuga adye tizigawo tochepa, pamodzi ndi chakudya china, osati mbale yodzaza m'mimba mulibe kanthu. Wina akakuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala muzimwa madzi a masamba a jakifuruti, kaya akugulitseni ufa wake ngati mankhwala a shuga kapena khansa, mukaneni. Jakifuruti ndi chakudya, sachiza matenda amenewa.

Pali anthunso amene thupi lawo limadana ndi chipatsochi, makamaka amene amatuluka ziwengo akavala magolovesi a labala kapena akagwiritsa ntchito makondomu a labala. Anamwino ndi ena ogwira ntchito m'zipatala achenjere pa ichi. Zizindikiro zake ndi kuyabwa m'kamwa ndi pakhosi, kutupa milomo kapena zikope, ndi zidzolo. Munthu akayamba kubanika, mawu kusasa, lilime kutupa kapena chizungulire atangodya kapena kugwira utomoni, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musadikire kuti muone ngati zisintha.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa akhoza kudya jakifuruti monga chipatso china chilichonse, pokhapokha ngati kusikelo anawauza kuti shuga wawo wakwera.

Kudzala

Njere ya jakifuruti sisungika ngati ya chimanga. Ikauma imafa, ndipo pakatha mwezi zambiri sizimeranso. Tengani njere zazikulu za chipatso chakupsa cha mtengo umene mumaukonda, tsukani, nyikani m'madzi usiku umodzi, dzalani m'chubu chachitali kapena pamalo pomwe mtengo udzakhale. Imamera patapita milungu 3 kapena kuposerapo. Mtengowu uli ndi muzu waukulu wolowa pansi, ndipo sukonda kusunthidwa. Mbande yokhalitsa m'chubu muzu wake umapindika, ikawokedwa imakula monyentchera. Wokani idakali yaing'ono, kumayambiriro kwa dzinja, m'dzenje lalikulu losakaniza dothi la pamwamba ndi manyowa owolerana.

Pewani malo odikha madzi, chifukwa mizu ikakhala m'madzi masiku ochepa chabe mtengo umafa. Kumalo ozizira kwambiri, kumene kumagwa chisanu, sukula bwino. M'zaka ziwiri zoyambirira thirirani m'chilimwe, phimbirani patsinde ndi udzu wosakhudza tsindelo, ndipo tchingirani mbuzi, pakuti masamba ake zimawakonda zedi. Mitengo italikirane mamita 8 mpaka 10.

Wa njere umayamba kubereka pakati pa zaka 4 ndi 8, ndipo zipatso zake sizifanana nthawi zonse ndi za mayi wake: wina amabereka za mnofu wolimba wokhutchuka, wina za mnofu wofewa waulusi. Womezanitsa umabereka msanga, pa zaka 3 kapena 4, ndipo mumadziwiratu chimene mudzadye. Funsani alangizi a zaulimi ngati mbande zotere zikupezeka kufupi. Mukaona tizipatso tating'ono tikuda ndi kugwa musaganize kuti mtengo walodzedwa. Ambiri mwa amenewo ndi maluwa aamuna amene amaliza ntchito yawo. Akuda ndi nkhunguwo tolani mukakwirire kuti asapatsire zipatso zanthete. Zipatso zikathithikana patsinde patulirani (zopatulazo ndiye ndiwo zija), ndipo zotsala mukhoza kuzivala thumba loletsa tizilombo.

Posankha malo ganizirani za zaka 10 zikubwerazo. Musadzale pafupi ndi nyumba, chimbudzi, chitsime, njira, kapena pomwe ana amasewera. Chipatso cha makilogalamu 20 chikathothoka pamwamba chikhoza kuthyola khosi la munthu wamkulu, nanji mwana. Dulani nsonga ya mtengo udakali wamng'ono kuti usapitirire mamita 4 kapena 5, zipatso zizikhala zofikirika. Pokolola za m'mwamba pakhale anthu awiri: wina amange chingwe ku chipatso, adule phesi, winayo atsitse pang'onopang'ono ataima pambali, osati pansi pake. Ana asakwere, ndipo zipatso zakupsa kwambiri zithyoledwe zisanayambe kugwa zokha. Makoko ndi zotsala perekani kwa nkhumba, mbuzi kapena ng'ombe tsiku lomwelo, kapena kwirirani padzenje la manyowa kutali ndi khitchini.