Kamndandanda kamene kanachotsa Linux pa C89

Mu kernel ya Linux, yomwe ndi mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta, muli kanthu kakang'ono kotchedwa list_head, ndipo ma driver (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta) osawerengeka amakadalira. Kali ndi ma pointer (zolozera malo a mu memory) awiri okha, next woloza kutsogolo ndi prev woloza kumbuyo. Wolemba driver amakaika m'kati mwa struct yake (kabokosi kosungamo data), tinene ya pempho lotumiza data pa USB, ndipo mapempho onse amalumikizana ngati ana ogwirana manja pabwalo. Pabwalopo pamakhalanso mutu, koma mutuwo si pempho ayi, umangosonyeza poyambira ndi pothera.

Vuto lagona pamenepo. Macro (chidule cha code) ya list_for_each_entry ikazungulira mndandanda wonse osapeza chimene ikufuna, variable yoyendera, imene imaloza mapempho limodzi ndi limodzi, sikhala NULL (kusaloza kalikonse) monga ambiri ankaganizira. Imatsala ikuloza malo owerengedwa kuchokera pa mutu uja, ngati kuti pali pempho lenileni pomwe palibe. Driver ikawerenga pamenepo imangotola chilichonse chomwe chili mu memory. Choopsa n'chakuti makina amatha kugwira ntchito zaka zambiri popanda wina kuzindikira kanthu.

Mu February 2022, Jakob Koschel, wofufuza wa pa Vrije Universiteit ku Amsterdam, anaonetsa malo oterewa, kuphatikizapo m'ma driver a USB gadget, omwe amachititsa makina kugwira ntchito ngati chipangizo cha USB. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anaona kuti mankhwala enieni ndi oti variable izibadwira m'kati mwa loop (kuzungulira mndandanda kuja) n'kuthera momwemo, kuti compiler, pulogalamu yomasulira code kuti makina aimve, izikana yokha aliyense woigwiritsa ntchito kunja. Koma C89, mtundu wakale wa chilankhulo cha C womwe kernel inkalembedwera, silola zimenezo. C99, mtundu watsopanoko, imalola, kungoti ma GCC akale (GCC ndi compiler) ankasokonezeka ndi ma initializer (njira zoikira data yoyambira) ena a mu kernel, n'chifukwa chake anthu anakakamira chakale kwa zaka zonsezo.

Chifukwa chimenecho chinali chitatha kale mphamvu: kuyambira Linux 5.15 mu 2021, GCC yakale kuposa 5.1 inali itasiya kuloledwa. Arnd Bergmann, mmodzi mwa okonza kernel, anati ngati n'kusamuka, bola kungofika pa C11, yomwe ndi yatsopano kuposa C99, ndipo Linux 5.18 inatuluka nayo mu May 2022.

Ine ndimalemekeza kwambiri ntchito yotopetsa imene inatsatira, chifukwa kusintha chilankhulo pakokha sikunachiritse driver iliyonse. Koschel anayenda fayilo ndi fayilo, kuika variable yoyendera payokha ndi pointer ina yoyambira pa NULL, imene imalandira pempho pokhapokha likapezekadi.