Boma la America silinatsimikize kuti munthu angaone zakutali ndi maganizo

Ambiri amakhulupirira kuti asayansi a boma la America anatsimikiza kuti munthu atha kuona zinthu zakutali ndi maganizo okha, ndipo CIA, bungwe la ukazitape la dzikolo, ikungobisa. Kafukufukuyo anachitikadi, koma umboni wotere sunapezeke.

Anayamba mu 1972 ku Stanford Research Institute, ku California, motsogozedwa ndi asayansi Russell Targ ndi Harold Puthoff, ndalama zikuchokera ku CIA. Pambuyo pake ntchitoyi inadzatchedwa Stargate. Munthu mmodzi ankapita kumalo osankhidwa mwamaere, wina n'kutsala m'chipinda akujambula ndi kufotokoza zomwe akuti akuona. Kenako woweruza ankafananiza mafotokozedwewo ndi malo aja.

Apa ndi pomwe panagona vuto. Akatswiri a zamaganizo David Marks ndi Richard Kammann anapeza kuti zolemba zopita kwa oweruza zinali ndi madeti komanso mawu otchula malo a dzulo lake, kotero woweruza wochenjera ankatha kuzisanja bwinobwino n'kuzifananiza ndi malo ake popanda mphamvu iliyonse yachilendo. Iwowa atabwereza kafukufukuyo mosamala, zotsatira zodabwitsa zija sizinaonekenso. Tisaiwalenso kuti mawu ngati "madzi, nyumba yayitali, mitengo" amagwirizana ndi malo osawerengeka.

Mu 1995 bungwe la American Institutes for Research linaunika ntchito yonseyi. Jessica Utts, katswiri wa ziwerengero, anati manambala akusonyeza kanthu. Ray Hyman, katswiri wa zamaganizo, anatsutsa. Lipotilo linati uthenga wotere sunapereke chilichonse chogwirika pa ntchito yaukazitape, ndipo Stargate inatsekedwa chaka chomwecho, itadya madola pafupifupi 20 miliyoni. Zikalata zake CIA inaziika pa intaneti mu 2017, aliyense atha kuziwerenga.