Mafunso ndi mayankho pa lamulo la katayidwe ka zinyalala m'chipinda cha mano

Ophunzira za mano amene akuphunzira ntchito m'chipinda chathu kuno ku Zomba akhala akudandaula ndi lamulo lakuti sitisayina buku la wophunzira amene sanaonetse kuti amadziwa kusiyanitsa zinyalala. Nawa mayankho a mafunso amene akutipeza kawirikawiri.

Chimapita kuti n'chiyani?

Mapepala ndi zokutira zimapita m'thumba lakuda, thonje ndi magolovesi okhudza magazi kapena malovu m'thumba lachikasu, pomwe singano ndi timipeni zimapita m'bokosi la zobaya, limene timatseka lisanadzaze, likafika magawo atatu mwa anayi.

Bwanji osangoponya zonse m'thumba lachikasu?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati pafupifupi 85 peresenti ya zinyalala za m'zipatala si zoopsa. Mukazisakaniza ndi zamagazi, zonse zimafunika kupita ku ng'anjo, ndipo mafuta otenthera amatha msanga.

Ndagwira ntchito zonse zofunika pa odwala, nanga simukundisayinira bwanji? Kodi kutaya zinyalala si ntchito ya oyeretsa?

Funsoli ndi limene lautsa mkangano, choncho tiyankha mosamala. Ofesi ino sichotsa munthu sukulu ndipo sipereka malikisi. Zimenezo ndi za sukulu imene inakutumizani. Chimene ife timachitira umboni posayina n'chakuti tinakuonani mukugwira ntchito yonse, ndipo kwa ife kuzula dzino sikuthera pamene dzino latuluka. Oyeretsa amanyamula thumba lomanga kale, sadziwa chimene chili mkati. Mmodzi wa amayi amene amakolopa kuno anabayidwa pachala ndi singano ya mankhwala ochititsa dzanzi imene inakulungidwa m'thonje n'kuponyedwa m'thumba lakuda, ndipo anamwa mankhwala oteteza ku HIV mwezi wathunthu ali ndi nkhawa. Sitikuloza chala wophunzira aliyense, pakuti ngakhale ogwira ntchito akale amalakwitsa. Amene sanasayiniridwe angathe kupempha kuti aonedwenso, ndipo salipira kanthu, koma sitingalonjeze tsiku, chifukwa zimadalira kupezeka kwa woyang'anira. Ngati nthawi yanu pano ikutha, bwerani tikambirane nkhani yanu payokha.

Nanga dzino lomatidwa ndi amalgam?

Amalgam ndi msakanizo wa zitsulo womatira mano obooka, ndipo pafupifupi theka lake ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene chikatenthedwa chimasanduka nthunzi yapoizoni. Dzino lotere, komanso zotsalira pomata, zisapite ku ng'anjo kapena m'sinki, poti madzi otayidwa m'tauni ino amakathera m'mitsinje monga Likangala, umene umatsira m'nyanja ya Chilwa kumene timapeza nsomba. Ikani m'botolo lotseka bwino limene talembapo.

Kodi n'zoona kuti masiku ena matumba achikasu amatha?

Inde, zachitikapo, ndipo sitikunyadira. Zikatero musasankhe nokha chochita. Uzani woyang'anira, amene adzalemba chizindikiro choonekera pa thumba limene lilipo. Wophunzira sadzalandidwa mwayi wosayiniridwa chifukwa cha kusowa kwa zipangizo.

Ndikadzibaya ndi singano ndichite chiyani?

Sambani pabalapo ndi sopo pa madzi oyenda, osafinya, ndipo nenani nthawi yomweyo. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Tamva kuti ena amabisa poopa kuti buku lawo silisayinidwa. Kunena za ngozi sikukhudza buku lanu m'pang'ono pomwe. Ambiri amabayidwa pobwezera chivindikiro pa singano ndi manja awiri, ndiye chonde lekani chizolowezi chimenechi.