Wovulala msana asathamangire kusayina pepala la inshulansi

Pa nkhani za chipukuta misozi pali lamulo limodzi lomwe anthu ambiri amalidziwa madzi atafika kale m'khosi: ndalamayi imaperekedwa kamodzi basi. Mukalandira nkusayina kuti mwakhutira, kapena khoti likagamula, nkhani yathera pompo, simungabwerenso pakatha zaka 5 kudzati zinthu zafika povuta tiwonjezereniko. Kwa wothyoka mkono izi sizoopsa kwenikweni poti mkono umapola. Koma kwa amene wavulala mtsempha wa mumsana, uja umanyamula mauthenga kuchoka ku ubongo kupita m'thupi monse, ndalama ya tsiku limodzi imeneyo ikuyenera kumusunga mpaka ukalamba, nde ngati loya ndimamva kuwawa ndikaona banja litasayinira ndalama yongokwanira mayendedwe a miyezi iwiri kuchipatala.

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. Kuthyoka fupa la msana ndi kuvulala mtsempha si chinthu chimodzi, ena fupa limathyoka mtsempha osakhudzidwa ndipo amadzayenda bwinobwino. Mtsempha ukavulala pakhosi, manja ndi miyendo zonse zimafooka, nthawi zina olo kupuma kumavuta. Ukavulala cha m'munsi, manja amagwira koma miyendo ayi, ndipo nthawi zambiri chikhodzodzo ndi matumbo sizimveranso mwini wake. Masabata oyamba pamakhala kutupa, dokotala sangalonjeze chomwe chibwerere ndi chomwe chapitiratu, zimatenga miyezi kuti chithunzi chioneke. Ndiye lipoti lachipatala lolembedwa munthu akadali chigonere pa wodi ku Queens kapena ku Kamuzu Central, lija lamizere itatu longoti wavulala msana, silikwanira kuwerengera ndalama. Mukufunika lina la dokotala wa mafupa kapena wa mitsempha lonena bwinobwino kuti kulumalaku n'kwa mpaka kale kapena ayi, kwafika pa maperesenti angati, ndipo munthuyu adzafuna thandizo lanji tsiku ndi tsiku.

Apa mpomwe pagona nkhani yonse, chifukwa ndalama zambiri sizithera kuchipatala, zimathera kunyumba akatulutsidwa. Paipi ya mkodzo yofunika kusintha pafupipafupi, mapampasi, magolovesi, mankhwala a matenda a m'chikhodzodzo omwe amabwerabwera, matiresi abwino oteteza zilonda za pabedi, ndipo zilonda zimenezi musazipepuse, zikalowa mkati zimapha. Wodwala amene sangadzitembenuze yekha amafuna womutembenuza pafupifupi maola 2 alionse usiku ndi usana, kutanthauza kuti pali mayi kapena mlongo amene wasiya geni yake kumsika, kapena mwana amene wayamba kujomba kusukulu kuti akhale gadiyani. Wilutcheya m'misewu yathu yafumbiyi sikhalitsa, pakatha zaka zingapo ifuna ina. Chimbudzi chokumba cha kuseri kwa nyumba chija sichithekanso, khomo ndi lopapatiza, pakhonde pali masitepe. Kupita ku fiziyo ku Kachere mu Blantyre kapena kukaonana ndi madokotala ku chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION ku Lilongwe, minibasi sangakwere, mpaka kuhaya galimoto. Zonsezi ndi ndalama zomwe lamulo limalola kupempha, koma khoti silingakupatseni chomwe simunachitchule m'masamoni komanso simunachiperekere umboni.

Khoti likamawerengera limayang'ana ululu ndi kuzunzika komwe munthu wadutsamo, limayang'ana zokoma za moyo zomwe zamuthawa, monga kuyenda, kulima, kuvina, kusewera mpira, za m'banja zomwe, ndipo pamenepa musachite manyazi kumuuza loya wanu, ndi gawo la mlandu. Limayang'ananso kusintha kwa maonekedwe, malipiro omwe ataya kale, ndi mphamvu yopezera ndalama mtsogolo kutengera zaka zake ndi zomwe ankapeza. Gawo la ululu woweruza amafananiza ndi milandu ina yam'mbuyomu, nkuganizira kugwa kwa kwacha, poti mu Novembala 2023 mokha kwacha inagwa ndi 44 peresenti, nde chigamulo cha 2019 sichingatengedwe momwe chiliri. Koma ndalama zomwe mwawononga kale zimafuna malisiti enieni. Gulani kope la sukulu, lembani tsiku lililonse zomwe mwagula, malisiti a ku famase mumate momwemo, ajambuleninso pa foni poti inki yake imafufutika. Wa geni amene alibe pepala la malipiro asataye mtima, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba, kabuku ka banki m'khonde, ngakhale umboni wa omwe ankamuodetsa katundu zimathandiza kuonetsa zomwe ankapeza.

Tsopano womusumira ndani? Ambiri amaganiza kuti dalaivala akamangidwa nkulipitsidwa faindi ndiye kuti nkhani yawo yayenda. Ayi ndithu, faindi imapita ku boma, inu simulawako. Mlandu wanu ndi wina, mumausumira nokha, ndipo muyenera kuonetsa kuti wina anachita mosasamala, mwina amathamanga, mwina amapitirira pakona, mwina mabuleki anali akufa. Lipoti la apolisi a pamsewu ndilofunika, mulitenge msanga, mutengenso manambala a mboni zisanabalalike. Mumasumira dalaivala, mwini galimoto kapena kampani yomwe inamulemba ntchito ngati anali pa ntchito, komanso gawo 148 la lamulo la pamsewu la Road Traffic Act limakulolani kusumira kampani ya inshulansi mwachindunji. Vuto ndi loti inshulansi imalipira mpaka pa malire a polise (pangano la inshulansi la galimotoyo) basi, ndipo mapolise ambiri omwe akhala akubwera m'makhoti malire ake ndi K5 miliyoni, ndalama yomwe kwa wovulala msana ndi dontho m'chidebe. Chotsalacho chili pa mwini galimoto, nchifukwa chake osamuchotsa pa mlandu olo achonderere bwanji kudzera kwa abusa kapena amfumu, ndipo pepala lomwe a inshulansi akupatseni muliwerengetse kaye kwa loya, chifukwa ena amalemba kuti mwamasula onse, kuphatikizapo mwini galimoto.

Za kabaza wa njinga yamoto ndiye zimandidetsa nkhawa kwambiri. Zambiri zilibe inshulansi, zina olo nambala zilibe, woyendetsa ndi mnyamata amene alibe kalikonse. Mutha kuwina mlandu koma nkusowa cholanda. Apa timafufuza ngati njingayo ili ndi mwini wake wina amene amamutuma, kapena ngati panali galimoto ina yomwe inachititsa nawo ngoziyo. Dziwaninso kuti ngati nanunso munalakwitsapo, monga kusamanga lamba kapena kukwera atatu panjinga, khoti likhoza kudulako ndalama, koma si kuti mlandu wafa.

Nthawi nayo siyidikira kuti muchire. Lamulo loika malire a nthawi yosumira, Limitation Act, limapereka zaka 3 kuchokera tsiku la ngozi kuti mlandu wa kuvulala ukhale utalowa kukhoti, ndipo ufulu wosumira inshulansi mwachindunji uja umatha pa zaka 2 zokha. Makalata omwe mukulemberana ndi a inshulansi, kaya akuti tikuunikabe fayilo yanu, sayimitsa wotchi imeneyi. Ngati galimoto ndi ya boma, Attorney General, loya wamkulu wa boma, amayenera kupatsidwa kaye chidziwitso cholemba cha miyezi 3 musanasume. Mwina mukuti nanga mwati tisathamange, pano mukuti tifulumire, zikugwirizana bwanji? Zikugwirizana: kulowetsa mlandu kuchitike msanga, koma kuvomera chiwerengero cha ndalama kudikire lipoti lomaliza la dokotala. Ku High Court milandu yotere imadutsa kaye pa mkhalapakati, malinga ndi malamulo a khotilo a 2017, ndipo zikadziwika kuti wolakwa ndani, Registrar, mkulu wa kaundula wa khotilo, ndi amene kawirikawiri amamva umboni nkuika mtengo. Wovulala amene sangathe kudziyendetsera yekha mlandu, kapena mwana, wachibale amatha kumuimira.

Wovulalira pa ntchito, kaya wagwa pa chikwerero pomanga nyumba, kaya khoma lamugwera, kaya mu esiteti, njira yoyamba ndi Workers' Compensation Act ya 2000 kudzera ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Kumeneko simufunika kuonetsa kuti abwana analakwa, bola ngoziyo inachitika chifukwa cha ntchito, ndipo wolumala kotheratu amawerengeredwa malipiro a miyezi 54. Kunena zoona kwa wolandira malipiro otsika ndalama imeneyi ndi yochepa zedi poyerekeza ndi moyo wa pa wilutcheya, choncho ngati abwana sanapereke zida zodzitetezera kapena anakutumani pamalo oopsa akudziwa, funsani loya za mlandu wa kusasamala musanatseke fayilo ya ku leba. Abale athu ali ku Joni, kumeneko ngozi za pamsewu amalipira ndi Road Accident Fund yomwe ndalama zake zimachokera pa mafuta a galimoto, nthawi yopempha ndalamazo ndi zaka 3, koma ngati wogundayo anathawa osadziwika ndi zaka 2.

Samalaninso ndi anyamata oyendayenda m'mawodi aja, amabwera ndi chifundo chambiri, mafomu ali m'manja, akuti ife tikuthandizani mupeze ndalama mwachangu. Ambiri si maloya. Funsani dzina la loya yemwe agwire mlandu wanu, mukumane naye maso ndi maso, mufufuze ku Malawi Law Society ngati ali ndi layisensi ya chaka chino, mugwirizane polemba kuti iye adzatenga zingati, ndipo ndalama ikatuluka mupemphe kuona kalata yochokera ku inshulansi kapena chigamulo cha khoti chosonyeza chiwerengero chonse, ndi ufulu wanu umenewo. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa pa milandu, atenge lipoti la apolisi, buku la kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi kope la malisiti lija.