Chipepeso cha maliro a Hitler chomwe chinavutitsa Ireland

Pa ntchito ya ukazembe, mtsogoleri wa dziko akamwalira, maiko omwe ali pa ubale ndi dzikolo amapepesa. Amalemba kalata, amatsitsa mbendera pakati pa mtengo, kapena nduna imapita kwa kazembe. Chipepesocho chimakhala cha boma kwa boma linzake, ndipo sichitanthauza kuti malemuyo anali munthu wabwino. Zikufanana ndi kumudzi, komwe anthu amapitabe kusiwa ngakhale womwalirayo anali wovuta.

Mwambowu unafika povuta Adolf Hitler, mtsogoleri wa Germany, atadzipha pa 30 April 1945. Dziko la Ireland silinatenge mbali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, choncho kazembe wa Germany, a Eduard Hempel, anali adakali ku Dublin, likulu la Ireland. Pa 2 May, nduna yaikulu a Éamon de Valera, omwenso ankayang'anira unduna woona za maubale ndi maiko akunja, anapita iwo eni kukawapepesa. Alangizi awo anawaletsa, koma sanamve.

Maganizo a de Valera anali otere. Masabata atatu m'mbuyomo, pulezidenti Franklin Roosevelt wa America atamwalira pa 12 April, iwo anapepesa ndipo nyumba ya malamulo inaimitsa zokambirana. Ngati dziko silili mbali iliyonse, ankati liyenera kuchitira onse mofanana. Ankaonanso kuti a Hempel anadzisunga bwino nthawi yonse ya nkhondo, ndipo kuwanyalanyaza pamene dziko lawo likugonja kukanakhala mwano.

Koma nthawiyo anthu m'maiko ambiri anali ataona kale zithunzi za mitembo m'misasa yozunzirako anthu ya boma la Hitler ya Buchenwald ndi Bergen-Belsen, yomwe asilikali a America ndi Britain anailanda mu April momwemo. Manyuzipepala a ku America anakwiya kwambiri.

Ku Portugal, dziko lomwe linkalamulira Mozambique masiku amenewo, boma la António Salazar linalamula kuti mbendera zitsitsidwe, ndipo nalonso linadzudzulidwa. Pomwe Sweden ndi Switzerland, omwenso sanamenye nawo nkhondo, anangokhala chete osapepesa.

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi a de Valera. Palibe lamulo la maiko lomwe limakakamiza boma kupepesa. Ndi ulemu chabe, ndipo ulemuwo uli ndi milingo. Akanatha kutuma mlembi wa unduna, kapena kulemba kalata yaifupi kwa a Hempel. Kupita kwa mtsogoleri mwini wake ndi mlingo wapamwamba kwambiri, ndipo ndi womwe anasankha. Germany inagonja pa 8 May, patangopita masiku 6.