Chifukwa chake timavala jekete yowala poulutsa droni

Anthu okhala kufupi ndi bwalo la ndege la Kasungu anazolowera kuona anyamata ndi atsikana ataimirira padzuwa, atavala majekete achikasu kapena aolenji, maso ali kumwamba, rimoti ili m'manja. Chiyambireni mu Juni 2017, pamene boma la Malawi mogwirizana ndi bungwe la UNICEF linatsegula dera loyeserera madroni lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwaloli, tindege topanda munthu mkati timeneti tauluka kambiri m'boma lino, tina titanyamula mankhwala, tina tikujambula madambo amene udzudzu umaswana. Ngakhale zili choncho, funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndikapita kukagwira ntchito kumidzi silikhudza droniyo, koma chovala changa. Anthu amafuna kudziwa kuti jekete imeneyi, imene ambiri amangoitcha lifulekita, ikunditeteza ku chiyani, popeza ine ndili pansi ndipo chouluka chili m'mwamba.

Funsoli ndi lanzeru, chifukwa jeketeyi ndi kansalu kopyapyala kamene sikangatchinge ngakhale munga. Ntchito yake ili m'maso mwa anthu ena. Woyendetsa droni amayang'ana zinthu ziwiri nthawi imodzi, droni imene ili kumwamba ndi manambala amene ali pa rimoti, osonyeza kutalika kwake, moto wotsala m'batire ndi mphamvu ya mphepo. Droni imene ikuthamanga mamita 15 pa sekondi imakhala itayenda mamita 150 m'masekondi khumi okha, ndipo nthawi imeneyo ndi yochepa kuyerekeza ndi imene timatha popatsana moni. Tsiku lina ndikujambula minda cha ku Santhe, bambo wina wachikulire anandidzera kumbuyo, nkundigwira paphewa mwaulemu wonse, akufuna kudziwa ngati ndadzuka bwino. Ndinacheuka ndi kuyankha, monga mwana aliyense woleredwa bwino akanachitira, ndipo pobweza maso ndinapeza droni yatsala pang'ono kulowa m'nthambi za mtengo wa bulugamu. Bamboyo sanalakwe chilichonse. Ine ndinali nditavala malaya wamba, ndipo panalibe chomuuza kuti munthu woimirira chete ameneyu ali mkati mwa ntchito.

Kuyambira pamenepo ndimavala jekete yolembedwa kumsana m'Chichewa, ndi zilembo zazikulu, kuti ndikuyendetsa droni ndipo mafunso apite kwa mnzanga. Mnzangayo naye amavala yake yamtundu wina, ndipo udindo wake ndi kuyang'ana ndege zina, mbalame zazikulu, mawaya a magetsi ndi ana, komanso kulandira aliyense wobwera ndi moni kapena funso. Nzeru imeneyi si yathu yokha, pakuti mu 2017 bungwe la FAA, limene limayang'anira za ndege ku America, linalangiza oyendetsa madroni kuti azivala majekete owala olembedwa ntchito yawo, pofuna kuchepetsa kusokonezedwa ndi anthu odutsa ndiponso kuti apolisi azimudziwa msanga mwini wa chimene chikuuluka.

Kuno kwathu nkhani yoti munthu adziwike imeneyi ndi yolemera kuposa kumeneko. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinabuka ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo mu 2017, pamene anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokayikiridwa. Mlendo wofika m'mudzi ndi bokosi lakuda, nkutulutsamo chinthu cholira ngati njuchi chimene chili ndi diso loyang'ana pansi, sayenera kudabwa anthu akayamba kunong'onezana. Jekete yowala imanena kuti munthuyu sakubisala ndipo akufuna kuonedwa. Koma ndinene motsindika kuti jekete si chilolezo. Aliyense angathe kuigula pamsika, ndipo akabaza ambiri ali nayo. Chilolezo chimachokera kwa akuluakulu oyang'anira za ndege m'dziko muno, kwa oyang'anira malo ngati mukufuna kuulutsa m'dera lotetezedwa monga nkhalango ya Kasungu, ndiponso, m'mudzi, kwa amfumu, amene ayenera kuuzidwa kudakali masiku kuti nawo auze anthu awo. Safunsa anadya phula. Inunso owerenga muli ndi ufulu wonse wofunsa munthu wovala jekete kuti watumidwa ndi yani ndipo zithunzi akupita nazo kuti, bola mudikire kuti droni itere kaye.

Jekete yeniyeni ili ndi mbali ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Nsalu yachikasu kapena yaolenji imagwira ntchito masana, chifukwa utoto wake umalandira kuwala kwina kwa dzuwa kumene maso athu saona nkukusandutsa kuwala kooneka, nchifukwa chake imaoneka ngati ikuyaka ngakhale kunja kuli mitambo. Mizere yotuwa ija imagwira ntchito mdima ukayamba, pobweza kuwala kwa nyali za galimoto molunjika kumene kwachokera. Woulutsa droni m'mphepete mwa msewu wa M1 m'mamawa kapena chakumadzulo amadalira mizere imeneyi kuti woyendetsa lole amuone ali patali. Zonse ziwirizi zimatha mphamvu ndi dzuwa ndi kuchapa, kotero jekete yosuluka, imene mizere yake yang'ambikang'ambika, ndi yoyenera kutayidwa ngakhale isanabooke. Pa mtundu, ine ndimatsata nyengo. Mu Febuluwale, pamene chimanga ndi fodya zabiriwira ponseponse, yaolenji ndiyo imaoneka bwino, pomwe mu Okutobala, udzu utauma ndipo fumbi lafiira, yachikasu chobiriwirira imaposa inzake. Iyeneranso kumangidwa bwino kutsogolo, chifukwa jekete yolendewera imakupizidwa ndi mphepo nkukodwa m'timitengo ta rimoti kapena m'mapulopela, timapiko tozungulira timene timaulutsa droni.

Zimene zimatetezadi thupi ndi zina, ndipo choyamba ndi magalasi. Mapulopela a droni amazungulira maulendo masauzande angapo pa mphindi imodzi, ndipo ngakhale apulasitiki amacheka khungu ngati mpeni. Bala la pachala limapola, koma diso silibwerera. Ngozi imakhala yaikulu ponyamuka ndi potera, pamene mphepo ya mapulopela imamwaza mchenga ndi timiyala, kapena pamene pulopela yong'aluka yathyoka nkuuluka payokha. Magalasi oyenera ndi olimba, otchinga ndi m'mbali momwe, ndipo kwa ife ogwira ntchito panja akhale odera pang'ono, chifukwa kutsatira kadontho kakuda pafupi ndi dzuwa kwa maola ambiri kumatopetsa maso. Muwayese kaye musanagule, pakuti magalasi ena odula kunyezimira amadetsa sikirini ya rimoti moti manambala saonekanso.

Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho, chowakha droni ndi manja pamene ikutsika. Achinyamata amachikonda chifukwa chimaoneka chaukatswiri. Kamphepo kakang'ono kokha ndi kokwanira kupendeketsa droni nkulowetsa zala m'mapulopela, ndipo kuno kamvuluvulu amadzuka mosachenjeza m'miyezi yotentha. Ndi bwino kuyala kamkeka kapena thabwa pansi kuti droni itere payokha. Momwemonso, palibe amene ayenera kusintha kapena kupukuta mapulopela batire ili m'malo mwake.

Za nsapato sizifuna mawu ambiri. Munthu amene maso ake ali kumwamba saona chitsa, dzenje kapena njoka, ndipo droni ikagwa siisankha pogwera, imagwera m'nseula ndi m'chitedze momwe. Nsapato zotseka, buluku lalitali, chipewa chamlomo waukulu ndi botolo la madzi ndi zokwanira. Chipewa cholimba chimafunika pamalo omanga, pansi pa mawaya kapena poyesa droni yaikulu yonyamula katundu, imene ikagwa imagwa ndi kulemera kwa makilogalamu angapo. Magolovesi ndi ogwirira batire yowonongeka ndi mota yotentha, osati oyendetsera, chifukwa zala ziyenera kumva timitengo ta rimoti. Oulutsa madroni opopera mankhwala m'minda ali ndi nkhani yawoyawo, pakuti poizoni amagwira munthu posakaniza ndi pothira m'thanki, kotero ovololo, magolovesi amphira, magambuti ndi chotchinga pamphuno choyenerera mankhwalawo ndi zosakambirana, ndipo ayenera kuima kumene mphepo ikuchokera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mapulopela ndi batire. Mabatire a lithium amasunga mphamvu yambiri m'kathupi kochepa, ndipo akatentha kwambiri, akabooledwa kapena akamenyetseka pansi, amatha kuyaka okha ndi moto wovuta kuzima ndi utsi wapoizoni. Batire imene yatupa ngati chitumbuwa isaikidwenso m'droni kapena pa chaja. Galimoto yotsekedwa mawindo padzuwa la Okutobala si malo osungira mabatire, ndipo tiyenera kuwanyamula m'matumba osagwira moto, ndowa ya mchenga ili pafupi. Apa jekete yomwe ija imasanduka mdani, chifukwa ambiri amapangidwa ndi poliyesitala, nsalu imene imasungunuka nkumatirira pakhungu, kotero mkati mwake muzikhala malaya athonje, ndipo batire isalowe m'thumba la jekete. M'dera lathu, lodzala ndi zigafa za fodya ndi nyumba zofolera udzu, malo onyamukira ndi otchajira ayenera kukhala patali ndi zonsezi, pansi posesedwa bwino.

Otsala ndi ana, amene safunika kuitanidwa. Phokoso la droni likangomveka amatulukira mbali zonse, ambiri opanda nsapato, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi magalasi. Tisanayatse chilichonse timazinga malo oterapo ndi chingwe, nkupempha aphunzitsi kapena mmodzi wa nduna za amfumu kuti aime nafe, chifukwa ana amamvera nkhope imene akuidziwa. Timawaonetsa droniyo ili yozima, batire itachotsedwa, kuti aigwire ndi kufunsa zimene akufuna, ndipo ndaona kuti akatero sathamangiranso m'chingwe. Ndimasiyanso moto wokwanira m'batire kuti mwana wina akadutsa chingwe pamene ndikutsitsa, ndithe kuikwezanso droniyo ndi kuidikiritsa m'mwamba mpaka mnzanga atakweza dzanja kundiuza kuti pansi payera.